Zaka za m'Kalasi: Mmene Makolo Ankadikirira Ubatizo

Pa 27 Malichi 1881, ku Cape Maclear, Dr Robert Laws anabatiza mnyamata wotchedwa Albert Namalambe. Ndiye anali munthu woyamba kubatizidwa ndi mishoni ya Livingstonia, ndipo apa n'kuti amishoniwo atakhala m'mbali mwa nyanja zaka zisanu ndi miyezi ingapo. Chapafupi ndi nyumba zawo panali kale manda asanu a anzawo omwe matenda anawatenga. Manda asanu, Mkhristu mmodzi: kwa amene ankasonkha ndalama ku Scotland, masamu amenewa sanali okoma.

Nkhaniyi imakonda kukambidwa ngati umboni wakuti anthu a nthawi imeneyo anali ouma mitima. N'zoona kuti malowo anali ovuta. Kunali malungo, anthu anali ochepa, ndipo mfumu yamphamvu ya deralo, Mponda, maso ake anali pa malonda a minyanga ndi akapolo. Koma pali mbali ina imene siimveka kawirikawiri. Amishoniwo sankathamangira kubatiza munthu. Kuno komanso pa mishoni zina zimene zinatsatira, munthu ankatha kumva Mawu, kuwakhulupirira, kupempha yekha kuti alowe mumpingo, koma n'kuuzidwa kuti ayambe wadikira. Kudikirako kunasanduka mwambo wokhala ndi dzina, malamulo ndi mabuku ake. Ndi kalasi, yomwe mpaka lero agogo ambiri amaikumbukira bwino kuposa tsiku la ukwati wawo.

Uthenga womwe unabwerawo unali waufupi. Mulungu analenga munthu. Munthu anapandukira Mlengi wake. Yesu Khristu anafa pamtanda m'malo mwa wochimwa n'kuuka kwa akufa. Wokhulupirira aliyense amakhululukidwa ndi kulandira moyo wosatha popanda kulipira kanthu. Za Mulungu wolenga sizinali zachilendo kuno. Makolo ankamudziwa Chauta, Namalenga, Mphambe. Ankapita ku Msinja kwa Makewana kukapempha mvula, ndipo a kuchigwa cha Shire anali ndi kachisi wa Mbona ku Khulubvi. Chachilendo chinali chakuti munthu aliyense payekha, kaya ndi kapolo kaya mwana wa mfumu, ali ndi mlandu wake pamaso pa Mulungu umene malume ake sangamulipirire, komanso kuti mlanduwo wina anaulipira kale. M'dziko limene mlandu wa munthu mmodzi unkagwera mbumba yonse, ndipo mwana ankatha kuperekedwa chikole pa ngongole ya akuluakulu, mawu otere ankafuna kuwatafuna nthawi yaitali.

Alaliki a ku Scotland anakulira pa katekisimu wamfupi wa Westminster wa 1647, yemwe funso lake loyambirira limafuna kudziwa chimene munthu anamulengera, ndipo amayankha poloza ku ulemerero wa Mulungu ndi chimwemwe chosatha mwa Iye. A Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, omwe anamanga hema wawo ku Mvera kwa Chiwere pa 28 Novembala 1889, iwo anakulira pa katekisimu wa Heidelberg wa 1563. Ameneyu amayamba ndi chitonthozo cha munthu pa moyo ndi pa imfa, n'kuphunzitsa kuti mwini wake wa munthu ndi Khristu amene anamuwombola. Ena mwa amene ankamva zimenezi m'ma 1890 anali atagulidwapo ndi nsalu, mikanda kapena mfuti, kapena anali ndi m'bale yemwe anawolotsedwa nyanja pa Nkhotakota kwa Jumbe osabwereranso. Kwa iwo nkhani yowomboledwa sinkafunika womasulira.

Chipulumutso chinali chaulere, koma khomo lake linali ndi alonda.

Ku Livingstonia munthu ankayamba m'gulu la ongomva Mawu. Akakhalamo nthawi yokwanira, mwina zaka ziwiri, ankayesedwa n'kulowa m'gulu la okonzekera ubatizo, komwe ankakhalanso nthawi yonga yomweyo. Achinyamata ankayenera kudziwa kuwerenga asanabatizidwe. Akatolika sanali opepukirapo. Kadinala Charles Lavigerie, yemwe anayambitsa chipani cha ansembe a White Fathers, anakhazikitsa zaka zinayi za maphunziro, potsata zimene mpingo wa m'zaka zoyambirira za Chikhristu unkachita. Ansembe ake anayesa kukhala kwa Mponda mu 1889, anachoka mu 1891 ntchito isanaphuke, ndipo atabweranso mu 1902 n'kumanga ku Mua, kenako ku Likuni ndi ku Kachebere, anabwera nalo lamulo lomwelo. A Montfort anali atafika kale ku Nzama mu 1901. Aangilikani a UMCA, omwe analephera ku Magomero komwe anafika mu 1861 koma anakhazikika pa Likoma kuyambira 1885, anali ndi mwambo wooneka ndi maso: womva Mawu akavomerezedwa kuti ayambe kukonzekera ubatizo ankalandira kamtanda kovala m'khosi. Ankapemphera nawo m'tchalitchi, koma ikafika nthawi ya Mgonero ankatuluka.

Ntchito yeniyeni ya kalasi sinkachitikira pa mishoni. Inkachitikira m'midzi, m'tinyumba ta mitengo ndi dothi tofolera udzu, tomwe mkati mwa sabata tinali sukulu, Lamulungu n'kukhala tchalitchi. Mwini wake wa kanyumbako anali mphunzitsi, kawirikawiri mnyamata wongopitirira ophunzira ake ndi makalasi awiri kapena atatu, wolandira mashiling'i ochepa, ndipo pachiyambi malipiro ake ankatha kukhala nsalu. M'mawa ankaimba ng'oma kapena kumenya chitsulo chopachikidwa mumtengo. Ana ankakhala pa mipando ya dothi kapena pa zipika, n'kumaloweza zilembo mokuwa kuchokera pa chipepala chokhomedwa pakhoma. Amwayi anali ndi sileti. Tsiku la kalasi kunkabwera akuluakulu atachoka kumunda, amayi ali ndi ana kumbuyo, abambo makasu atawatsamiritsa panja. Mphunzitsi ankawerenga funso, gulu n'kubwereza. Ankawerenga yankho, gulu n'kubwereza, mpaka mawuwo atakhazikika m'mutu. Pomaliza ankatsegula kaundula n'kuitana maina. Kujomba kwambiri kunkabwezera munthu m'mbuyo, ndipo kachizindikiro ka pensulo ka mnyamata ameneyu kankatha kuchedwetsa ubatizo wa munthu wa msinkhu wa bambo ake chaka chathunthu.

Mzungu ankafika mwa apo ndi apo, pa machila ndipo pambuyo pake pa njinga, kudzayendera sukulu ndi kudzayesa a m'kalasi. Tsiku loyesedwa linali ndi zigawo ziwiri, ndipo chophweka chinali cha mafunso. Munthu ankatha kulakatula Malamulo Khumi, Pemphero la Ambuye ndi Chikhulupiriro cha Atumwi osaphonya, koma kenako akulu a mpingo ankatembenukira ku moyo wake. Kodi mowa anasiya? Nanga kuphika? Kudambwe amapitabe? Mwana atadwala mwezi watha, anapita kukaombeza ula kapena ayi? Akazi ali nawo angati? Ofunsawo anali anthu a m'mudzi momwemo, odziwa utsi wa nyumba iliyonse, kotero kunama kunalibe phindu. Wolephera ankauzidwa kuti abwerenso ulendo wina, ndipo mwambi womutonthoza nawo unali wokonzeka kale: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwa zoletsedwazo, zitatu ndi zimene zinang'amba midzi. Mowa wamasese sunali chakumwa chabe. Ndi umene unkaitana anthu ku dima, ndi umene unkathiridwa nsembe kwa mizimu, ndi umene unkatsiriza maliro. Mayi woletsedwa kuphika mowa ankataya njira yopezera olima m'munda mwake. A Dutch a ku Nkhoma ndi a ku Livingstonia anauletseratu. Akatolika ndi Aangilikani analetsa kuledzera kokha, ndipo kusiyana kumeneku kunathandiza anthu ambiri kusankha mpingo kuposa nkhani zozama za chiphunzitso zomwe zinagawanitsa Azungu kwawo.

Mitala inali yowawa koposa. Mwamuna ankayenera kutsala ndi mkazi woyamba n'kulekana ndi enawo. Iye ankalowa mumpingo ali woyera, koma mkazi wachiwiri ndi wachitatu, omwe kawirikawiri sanasankhe okha banjalo, ankatsala osadziwa kolowera, ndipo m'mishoni zambiri mkazi wamng'ono sankabatizidwa malinga ngati ali pabanjapo. Apa lamulo linkalanga kwambiri munthu amene analibe mawu pa nkhaniyo. Mafumu ambiri, omwe ulemu wawo unkayezedwanso ndi kukula kwa khomo, anakhala moyo wawo wonse ali abwenzi a mishoni, akupereka malo omangapo sukulu ndi kutumiza ana awo, koma osabatizidwa.

Kwa Achewa panalinso gule wamkulu. Amishoni, Akatolika ndi a Dutch omwe, ankaona Nyau ngati mdani wa sukulu, ndipo a Nyau ankaona sukulu ngati wakuba ana. M'zaka za m'ma 1920 mkangano unakula kwambiri m'madera monga a ku Mua, ndipo eni dambwe anayamba kulowetsa anyamata akadali aang'ono kuti mphunzitsi asawapeze poyamba. M'midzi ina mnyamata ankayenera kusankha pakati pa dambwe ndi kalasi asanamere ndi ndevu zomwe.

N'chifukwa chiyani amishoni ankaumirira kudikiritsa anthu chonchi? Zifukwa zina zinali zomveka. Ankaopa Chikhristu cha dzina lokha, cha anthu olowa mumpingo chifukwa chofuna ntchito, nsalu kapena chitetezo ku nkhondo za Angoni ndi Ayao. Ankafuna kuti wobatizidwa adziwe chimene akuvomereza. Ndipo kalasi inachitadi zazikulu: m'midzi yambiri ndi imene inaphunzitsa akuluakulu, makamaka amayi, kugwira buku koyamba. Koma chifukwa china chinali kusakhulupirira munthu wakuda, ndipo chimenechi chimaonekera poyera tikaona zaka zimene zinapita anthu akuda asanaloledwe kubatiza anzawo. Mishoni ya Blantyre, yomwe inayamba mu 1876, inadzoza abusa ake oyamba, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, mu 1911. Livingstonia inadzoza Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa mu 1914. Ku Nkhoma, Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza anadzozedwa mu 1925. Akatolika anafika mpaka 1937 ndi Cornelio Chitsulo, yemwe pambuyo pake anakhala episkopi wa Dedza. Aangilikani ndi amene anafulumirako: Yohana Abdallah anakhala wansembe mu 1898, ndipo Leonard Kamungu, yemwe anakagwira ntchito ku Msoro m'dziko la Zambia n'kumwalirira komweko mu 1913, anadzozedwa mu 1909. Zaka zonsezo, olalikira m'midzi anali mazana, koma manja ololedwa kuthira madzi anali owerengeka.

Pomwe anthu anali kubwera mmodzimmodzi, zimenezi sizinkavuta. Zinasintha m'ma 1890, pamene Atonga a ku Bandawe ndi Angoni a kwa M'mbelwa anayamba kukhamukira ku sukulu. Kwa Angoni njira anali atailambula kale William Koyi, mlaliki wachixhosa wochokera ku Lovedale, yemwe chilankhulo chake chinkamveka kwa iwo ndipo anamwalirira ku Njuyu mu 1886. Mmishoni Donald Fraser atafika, anayambitsa misonkhano ikuluikulu ya Mgonero ndi ubatizo, woyamba ku Ekwendeni mu 1898. Anthu zikwizikwi ankayenda masiku angapo atasenza ufa ndi mphasa, n'kumanga misasa ya udzu kuzungulira mishoni. Ankakhala pafupifupi sabata akumva maulaliki ndi kuimba nyimbo zopekedwa ndi anzawo monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole pa maimbidwe a Chingoni. Ankabatizidwa ambirimbiri tsiku limodzi. Amishoni anzake ena ankamuona Fraser ngati wopupuluma, komabe ngakhale iye sankabatiza munthu wosadutsa m'kalasi. Obatizidwa ankachuluka, koma odikira ankachuluka kuposa pamenepo.

Apa ndi pamene kalasi inadzikola mu msampha wake womwe. Inkaumiriza anthu kudziwa kuwerenga kuti aziwerenga okha Malemba, ndipo anawerengadi. M'buku la Machitidwe a Atumwi anapezamo anthu pafupifupi 3,000 obatizidwa tsiku lomwe anamva ulaliki wa Petro. Anapezamo nduna ya ku Ethiopia yomwe inaona madzi m'mbali mwa msewu n'kubatizidwa pomwepo, ndi woyang'anira ndende wa ku Filipi yemwe anabatizidwa usiku womwewo pamodzi ndi a m'banja lake. Mu Uthenga Wabwino wa Luka anapezamo wachifwamba wopachikidwa pamtanda yemwe analonjezedwa Paradaiso asanalowezepo yankho ndi limodzi lomwe. Wophunzira wochenjera sakanalephera kufunsa kuti zaka zinayi zija zalembedwa pati.

Woyamba kugwedeza khomo la ubatizo anali Mzungu mnzawo wa amishoniwo. Joseph Booth anafika mu 1892 n'kuyambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre. Ankabatiza pomiza m'madzi ndipo sankadikiritsa anthu zaka. Mnyamata yemwe ankamugwirira ntchito zapakhomo, John Chilembwe, anabatizidwa pa 17 Julayi 1893. Amishoni a ku Blantyre anadandaula kuti Booth akuwalanda ophunzira ndi malipiro okwera komanso ubatizo wosavuta, ndipo dandaulo lawolo lokha likuonetsa kuti odikira anali atatopa.

Koma chimene chinagwedezadi mishoni chinachitika ku Nkhata Bay. Eliot Kamwana, Mtonga yemwe anaphunzira ku Bandawe ndi ku Overtoun Institution pa Khondowe, anachoka ku Livingstonia asanabatizidwe, atakhumudwa ndi malipiro a sukulu komanso kuchedwetsedwa. Anakagwira ntchito ku South Africa, anakumana ndi Booth ku Cape Town, n'kuphunzira ziphunzitso za Watch Tower za Charles Taze Russell. Anabwerera kwawo chakumapeto kwa 1908 akulalikira kuti ufumu watsopano wa Khristu ufika mu Okutobala 1914. Ambiri mwa omumvera anamvamo kutha kwa msonkho wa nyumba ndi kutha kwa ulamuliro wa Azungu. Chachikulu n'chakuti ankabatiza poyera, m'mitsinje ndi m'nyanja, wopempha aliyense, popanda mayeso ndi popanda ndalama. M'miyezi yochepa yokha anabatiza anthu oposa 9,000. Ambiri sanali achikunja osadziwa kanthu; anali anthu a m'kalasi ya Bandawe, odziwa nyimbo ndi mayankho onse, amene anali atadikira zaka.

Boma la atsamunda linamugwira mu 1909 n'kumuchotsa kwawo. Pambuyo pake anamutumiza ku zilumba za Mauritius ndi Seychelles, ndipo analoledwa kubwerera mu 1937. Chaka cha 1914 chinabweretsa nkhondo yaikulu ya dziko lonse m'malo mwa ufumu uja, ena mwa obatizidwa ake anabwerera ku mishoni n'kukayambiranso kalasi, koma funso limene anadzutsa silinagonenso.

Linangosintha malo. Pomwe kulowa kunali kovuta, kutuluka kunali kosavuta: Mkhristu wopezeka ataledzera, atachita chigololo, atatenga mkazi wachiwiri kapena atapita kwa sing'anga ankadulidwa, dzina lake n'kulengezedwa pamaso pa mpingo. Kuti abwezedwe ankayenera kukhalanso m'kalasi ya olapa miyezi kapena zaka. Charles Chinula, mbusa wa Livingstonia, wopeka nyimbo komanso womasulira buku la John Bunyan m'Chitumbuka, anachotsedwa paubusa mu 1930 pa mlandu wa chigololo. Iye anafika pokhulupirira kuti mpingo wosunga munthu wolapa panja kwa zaka ukutsutsa uthenga wake womwe wa chikhululukiro, ndipo mu 1934 anayambitsa mpingo wake. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, Yesaya Zerenje Mwasi, mmodzi wa abusa atatu oyamba aja, anali atatulukanso. Ena anatsegula khomo kwa amitala: African National Church, momwe munali Levi Mumba, inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ikunena kuti Abrahamu ndi Yakobo sanakanidwe ndi Mulungu chifukwa cha akazi awo. Mpingo wa Peter Nyambo wa ku Ntcheu, womwe unavomereza miyambo yambiri ya makolo, akunja anaupatsa dzina lonyoza lakuti Zoipa Chitani. Dzinalo ndi nthabwala, koma likuonetsa mmene anthu anali atazolowerera kuyeza mpingo ndi kutalika kwa mndandanda wa zoletsa zake.

M'chigawo chapakati, a Dutch anayenda njira yawoyawo. Atatsegula Kongwe mu 1894 ndi Nkhoma mu 1896, kwa mfumu Mazengera, anafesa sukulu za m'midzi zambirimbiri zophunzitsa m'Chichewa, cholinga chawo chachikulu chili chakuti mlimi wamba awerenge Baibulo m'chilankhulo chake. Buku Lopatulika, lomwe ntchito yake yaikulu anaigwira W.H. Murray pamodzi ndi Amalawi omuthandiza pa phiri la Kaso ku Mvera, linatuluka mu 1922. Koma nawonso anaona kuti kungoletsa sikokwanira. Atsikana achikhristu oletsedwa chinamwali ankakula opanda wowalangiza, ndipo makolo ankawatumiza mobisa kwa anamkungwi. Pofika m'ma 1930 mpingo unali utayamba chilangizo, chinamwali chachikhristu choyendetsedwa ndi alangizi osankhidwa pakati pa amayi a mumpingo. Kunali kuvomereza, ngakhale mosanena, kuti mudzi unali ndi sukulu yake yokonzera munthu moyo amishoni asanafike, ndipo kuti mafunso ndi mayankho okha sangalowe m'malo mwake. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anajambula dziko lomweli m'buku lake la Nthondo la 1933, mbiri ya munthu wa m'mudzi yemwe amakula m'miyambo, amapita kukagwira ntchito kunja, amalowa ufumu, n'kudzatembenuka mtima atakula kale.

Ulendo wopita kunjawo unabweretsa chinthu china chaching'ono koma chamtengo: kalata ya mpingo. Mwamuna wonyamuka ulendo wa ku Salisbury, ku Wankie kapena ku Joni ankapempha kapepala kosonyeza kuti ndi Mkhristu wodya Mgonero, kapena kuti m'kalasi wafika pakuti. Popanda kapepalako, zaka zake zonse zodikira zinkatha kufera panjira. Kuchuluka kwa amuna otere ndi kumene kunachititsa Vlok, yemwe uja wa ku Mvera, kusamukira ku Salisbury mu 1912 kuti azikawatumikira, ndipo mipingo imene inabadwa kumeneko ndi imene lero ili Sinodi ya Harare ya CCAP. Koma njira yomweyo inkabweretsanso zina. Obwerera kumudzi ena ankabwera ndi Ziyoni ndi Apositoli, mipingo ya mikanjo, ng'oma ndi machiritso, yobatiza mumtsinje uliwonse umene yautcha Yorodano.

Funde lina linafika dziko litalandira kale ufulu. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe komanso m'sukulu za sekondale, kudzera m'magulu monga SCOM ndi Scripture Union ndi m'mapemphero a nthawi ya nkhomaliro, kunafala mawu akuti kubadwa mwatsopano. Mlaliki ankamaliza ulaliki n'kuitana ofuna kulandira Yesu kuti akweze manja, abwere kutsogolo, abwereze pemphero lalifupi, ndipo ankawauza kuti apulumuka pomwepo. Chodabwitsa n'chakuti ambiri obwera kutsogolowo anali anthu omaliza kale kalasi, odya Mgonero, ena ana a akulu a mpingo. Funso lakuti kodi munabadwa mwatsopano linkakwiyitsa abusa achikulire chifukwa linkatanthauza kuti munthu angathe kukhoza mayeso onse koma osakumana ndi Mpulumutsi amene mayesowo akunena. Ena mwa achinyamatawo anatsala m'mipingo yawo n'kuisintha kuchokera mkati, ena anapita ku Assemblies of God kapena ku mipingo yatsopano monga Living Waters, yomwe Stanley Ndovi anayambitsa mu 1985. Patapita nthawi, yambiri mwa mipingo yatsopanoyi inaona kuti okweza manja Lamulungu lino ambiri saonekanso Lamulungu lamawa, ndipo inayambitsa maphunziro a otembenuka mtima kumene, a masabata angapo, munthu asanabatizidwe. Dzina n'lina, nthawi n'njaifupi, koma kaundula woitana maina alipo.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'Malawi, pafupifupi 77 ndi Akhristu. Akatolika ndi 17, a CCAP ndi 14. M'mipingo iwiri ikuluikuluyi kalasi ikadalipo, ngakhale kuti yasintha nkhope. Ambiri olowamo tsopano ndi ana obatizidwa ali makanda, omwe akukonzekera kuvomerezedwa, kulandira Ukalistia woyamba kapena kulimbitsidwa, ndipo amabwera Loweruka atavala yunifolomu ya kwaya m'malo mobwera ndi khasu. Akuluakulu olowa kalasi kawirikawiri ndi amene akufuna kumangitsa ukwati woyera, amene asamuka mpingo potsata banja, kapena odulidwa amene akufuna kubwerera.

Mphamvu yake yeniyeni masiku ano imaonekera pamaliro. Munthu akamwalira, abale asanayambe n'komwe kukambirana za bokosi, wina amathamangira kwa mkulu wa mpingo wa m'dera kukafunsa mmene dzina la malemu lilili m'buku. Ngati anali wokwanira, amayi a Chigwirizano kapena a Mvano amafika atavala zoyera, kwaya imagona pasiwa, mbusa kapena mkulu wa mpingo amatsogolera mwambo mpaka kumanda. Ngati anadulidwa osabwezedwa, kapena anasiyira kalasi panjira, mpingo umatha kubwera kudzapepesa ngati anansi koma osayendetsa mwambo, ndipo banja limayamba kufunafuna mlaliki wa mpingo wina woti adzaimbitse nyimbo ziwiri zitatu. N'chifukwa chake m'makalasi a olapa simusowa nkhalamba zoyenda ndi ndodo, zomwe zinasiya mowa kapena zinatsala ndi mkazi mmodzi ukalamba utafika, ndipo ana awo a m'tauni amaimba foni kumudzi kufunsa ngati abusa anena tsiku lowabwezera.